Kuyimbira Mpira wa Lamlungu ku Joni: Zochita Wezulo Ikakugwerani M'manja

Wezulo ndinayiyamba mwangozi. Linali Lamlungu, pabwalo lina lafumbi cha ku Turffontein, anyamata a ku Mangochi akukumana ndi anzawo a ku Mzimba. Amene ankayenera kuyimbira anatumiza uthenga pa WhatsApp kuti abwana ake amukaniza kuchoka, ndipo poti ine bondo linali litandisiyitsa kale mpira, anthu anangoti, "Achimwene, inu simukusewera, tagwirani iyi." Pofika mphindi ya 70 anthu awiri anali atagwirana m'makolala, wina magazi ali chuchuchu pamphuno, ine ndili pakati ndi kawezulo kapulasitiki ngati ka mwana wa ku nazale, khadi ndilibe, nthawi ndikuyang'ana pafoni.

Zimene ndikulemba pano ndi za inu amene wezulo yakugwerani chimodzimodzi, pa mpira wa sosholo, wa bonanza kapena wa kaligi ka Amalawi, komwe kulibe VAR, kulibe apolisi m'mbali, mwinanso kulibe ndi wonyamula mbendera yemwe. Anthu 22 amene ali patsogolo panuwo Lolemba m'mawa akuyenera kudzuka ndi miyendo yonse iwiri. Wina akukatchetcha kapinga ku Sandton, wina akukanyamula makatoni mushopu ku Fordsburg, wina akukakwera pa sikafodi. Wosewera wa timu yaikulu ngati Orlando Pirates akathyoka mwendo kalabu imamusamala. Wathuyu akathyoka, abwana amalemba wina Lachiwiri, lendi ya kachipinda yaima, ya pa Mukuru imene amayi akudikira kumudzi yaimanso. Chigamulo chilichonse chovuta ine ndimachiyeza ndi Lolemba limenelo.

1. Werengani malamulo a chaka chino, osati a ku pulayimale

Malamulo a mpira ndi 17 okha, ndipo amawasunga ndi bungwe la IFAB lomwe linakhazikitsidwa mu 1886. Chaka ndi chaka amasinthamo tina ndi tina, buku latsopano nkuyamba kugwira ntchito pa 1 July. Lilipo laulere pa intaneti, mukhoza kuliika pafoni. Mikangano yambiri ya Lamlungu siyamba ndi nkhanza ayi, imayamba chifukwa aliyense akusewera ndi malamulo a chaka chimene iye anasiya sukulu.

Kuyambira 2019, pa golokiki mpira sufunikanso kutuluka m'bokosi kuti uyambe kuseweredwa. Ukangomenyedwa nkusuntha, basi. Chaka chomwecho anathetsa zolimbirana mpira wogwetsa: mumaugwetsera munthu mmodzi wa timu imene inali ndi mpira, kapena goloboyi ngati masewero anaimira m'bokosi, ena onse nkutalikira mamita 4. Mpanda ukakhala wa anthu atatu kapena kuposa, adani sayenera kudziphatika pamenepo, atalikire mita imodzi. Kochi naye tsopano amaonetsedwa khadi. Ndipo kuyambira 2025 goloboyi akakumbatira mpira kupitirira masekondi 8, adani amapatsidwa kona. Inu mumakweza dzanja nkumawerenga ndi zala masekondi 5 omaliza kuti aziona.

Madala amene ankaonera Ernest Mtawali ali ku Bloemfontein Celtic adzakutsutsani mpaka thovu kukamwa. Musakangane nawo mpira uli mkati. Ukatha, atsegulireni foni awerenge okha.

2. Mlandu uweruzeni usanachitike

Mphamvu za refu wa sosholo sizichokera mu wezulo. Zimachokera pa zimene matimu anagwirizana gemu isanayambe. Choncho mkati mwa sabata, pa gulu la makaputeni, lembani poyera zinthu zingapo ndipo aliyense ayankhe kuti wavomera. Chigawo chilichonse ndi mphindi zingati, poti mabwalo ambiri timabwerekana ndi anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku Mozambique, ndipo nthawi yawo ikakwana amayamba kuponya mipira yawo m'bwalo. Osinthana ndi angati, ndipo wotuluka angabwererenso kapena ayi. Pa mpira wa m'madera ndi wa madala malamulo amalola zobwereranso, bola mwagwirizana.

Kenako nkhani ya aganyu. Timu ikangofika semifainolo ya bonanza, mumaona nkhope zitatu zachilendo, zothamanga ngati agwape, zoti dzina la kaputeni wawo sizikulidziwa. Mayina ndi manambala a jezi alembedwe papepala mpira usanayambe, kaputeni wa adani awerenge, adandaule pomwepo ngati ali ndi dandaulo. Akadikira kuti agoletsedwe kaye ziwiri, dandaulo lakelo laola.

Zilango nazo zilembedwe. Kwathu tinagwirizana kuti khadi yachikasu ndi R50, yofiira ndi R200 kuphatikiza kukhala panja gemu ziwiri, ndipo wokweza dzanja pa mnzake kapena pa refu nkhani yake imapita ku komiti. Inu ikani zanu malinga ndi matumba anu.

Za malipiro anu, matimu onse awiri asonkhe mofanana ndipo ndalama mulandire mpira usanayambe, makaputeni onse akuona. Ndinaphunzira mowawa kuti timu yoluza silipira refu. Musalole sponsa wa timu imodzi kukulipirani yekha, ngakhale kukugulirani kota (buledi woikamo tchipisi) ndi Fanta. Mtima wanu ungayere bwanji, penate yoyamba ikapita kwa timu yakeyo bwalo lonse lidzati refu wadya. Chimodzimodzi ngati ndinu wa ku Nkhata Bay ndipo timu imodzi ndi ya Atonga anzanu: nenani nokha poyamba, musadikire kuti wina akukumbutseni pa mphindi ya 85.

3. Fikani msanga, yendani bwalo

M'chikwama mukhale wezulo ziwiri, wotchi ya pamkono, makhadi, kabuku ndi pensulo poti bolopeni imafa ikanyowa, khobidi la R5 loponya, ndi malaya osafanana ndi a timu iliyonse. Yachikasu muziika m'thumba la pachifuwa, yofiira m'thumba la kumbuyo kwa kabudula. Kamphindi kofikira kumbuyoko kamakupatsani mpata woganiza, komanso simudzatulutsa yolakwika mtima uli m'mwamba.

Yendani bwalo lonse, ngodya mpaka ngodya. Mabwalo a m'mapaki kuno amagona ndi zambiri Loweruka usiku: mabotolo osweka, mawaya, makala a braai, maenje. Ngati mizere kulibe, yesani ndi mapazi. Pomenyera penate ndi mamita 11 kuchokera pa mzere wa golo, masitepe aakulu 12. Bokosi ndi mamita 16.5, masitepe 18. Mpanda umaima pa mamita 9.15, masitepe 10. Thirani phulusa kapena laimu, makamaka m'mbali mwa bokosi, chifukwa funso loti "ndi mkati kapena kunja?" ndi limene limagwetsa ndewu zambiri.

Osewera avule mphete, ndolo, mikanda ndi zibangili. Za m'sokosi zimene ena amakhulupirira ine sindilowererapo, bola zisakhale ndi chitsulo. Mashinipadi ndi lamulo, si zokongoletsa. Nsapato za kuntchito zachitsulo kutsogolo zija zisalowe m'bwalo. Wonunkha mowa asalowenso, ngakhale atakhala ndiye mwini mpira ndi majezi.

Poponya khobidi, alankhuleni makaputeni mwachidule. Ine ndimati, "Akuluakulu, ndili ndekha, maso ndi awiri okha. Ndilakwitsa, koma sindikondera. Wofuna kufunsa akhale kaputeni yekha. Mawa tonse tikupita kuntchito."

4. M'mera mpoyamba

Mphindi khumi zoyamba osewera amakuyesani ngati mmene ana amayesera mphunzitsi watsopano. Fawulo yoyamba yeniyeni iyimbeni mwamphamvu, muthamangire pamalopo, muyang'ane wolakwayo m'maso nkumuuza kuti, "Mphwanga, imeneyo ndi yomaliza." Mukailekerera, yachiwiri idzakhala yobwezera, ndipo yachitatu simudzaikwanitsanso.

Musaime pakati pa bwalo ngati mtengo wa magetsi. Thamangani mopingasa, kuchokera ku ngodya ya bokosi lina kupita ku ngodya yopingasana nayo ya bokosi linalo, muzikhala masitepe khumi kapena khumi ndi asanu kuchokera pa mpira, pamalo poti muziona mpata wa pakati pa osewera awiri olimbanawo. Kukhala pafupi koma kumbuyo kwa msana wa munthu nchimodzimodzi kukhala kunyumba.

Kumbukiraninso kuti Joni ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere. Mnyamata amene wangotsika basi ku Park Station mwezi watha kuchokera ku Monkey Bay, mpweya umamuthera chigawo chachiwiri chikangoyamba, ndipo wotopa ndi amene amalowa mochedwa. Mafawulo oopsa ambiri amabwera mphindi 20 zomaliza, nthawi imene inunso mwatopa.

Wezulo ili ndi chilankhulo. Kafawulo kakang'ono, kuliza pang'ono. Fawulo yoipa, kuliza kwautali koti ndi wogulitsa chimanga panja pa mpanda yemwe atembenuke. Ngati wochitiridwa fawulo akadali ndi mpata wabwino, tambasulani manja kutsogolo, mukuwe kuti "Pitirizani!", mudikire masekondi ochepa, mpatawo ukafa nthawi yomweyo, bwererani pa fawulo. Ngati inali yoyenera khadi chifukwa cha kulowa koipa, mudzaionetse mpira ukaima. Mlandu suwola.

5. Fawulo zili pa masitepe atatu

Apa mpamene pagona ntchito yonse. Lamulo 12 limagawa kulowana m'magulu atatu. Loyamba ndi kusasamala: munthu amafuna mpira, wachedwa pang'ono, wamukola mnzake. Imeneyo ndi firikiki basi, khadi ayi. Lachiwiri ndi kusalabadira: akudziwa kuti akhoza kumupweteka mnzake koma walowabe. Yachikasu. Lachitatu ndi mphamvu yopyola muyezo, yoika moyo kapena thupi la mnzake pachiswe. Yofiira, ngakhale ikhale mphindi yoyamba ya gemu.

Kuti musiyanitse, dzifunseni msangamsanga: wabwera ndi liwiro lanji? Mapazi onse achoka pansi? Zipolopolo za kunsi kwa nsapato zayang'ana kuti? Wagunda pati, pa nsapato, pa kakolo kapena pa bondo? Mwendo unali wowongoka kapena wopindika? Mwendo wowongoka, zipolopolo patsogolo, pamwamba pa kakolo, paliwiro: musafunse munthu, fikirani m'thumba la kumbuyo.

Mudzamva mawu akuti, "Ndamenya mpira, a refu!" Kukhudza mpira poyamba sikuchotsa mlandu. Munthu akhoza kukhudza mpira nkuthyola mwendo pa kulowa kumodzi komweko.

Amene tinali kuno mu 2010 tikukumbukira fainolo ya pa 11 July ku Soccer City, Spain ndi Netherlands. Nigel de Jong anamuponda Xabi Alonso pachifuwa ngati akuthyola chitseko, ndipo Howard Webb anangotulutsa yachikasu. Pambuyo pake Webb yemweyo anavomera kuti inayenera kukhala yofiira. Gemu imeneyo inatha ndi makhadi achikasu 14, John Heitinga atatulutsidwa. Ngati refu wa fainolo ya dziko lonse anaphonya chifukwa cha pomwe anaima, inu ndi ine tidzaphonyanso. Chimene sichikhululukika nkuona bwinobwino koma kuopa.

Ine ndinaopapo. Munali mu July, kapinga atauma, nthaka ili gwa ngati simenti. Bambo wina wamkulu, amene anagulira timu yake majezi komanso ankatithandiza kulipira bwalo, analowa ndi mapazi onse awiri pa kamnyamata kowonda ka ku Ntcheu. Ndinaona zonse, ndinali masitepe asanu okha. Dzanja linapita kumbuyo, kenako linabwerera pachifuwa lokha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. "Pepani a refu, ndaterereka," anatero, akundisisita paphewa. Patatha mphindi khumi analowanso chimodzimodzi pa mnyamata yemweyo, ndipo phokoso la kakolo tinalimva tonse. Mnyamatayo ankagwira ntchito ya m'gadeni cha ku Randburg. Anakhala ndi pulasitala milungu yambiri, pobwerera anapeza pali wina. Tinasonkha ndithu, koma chosonkha sichilowa m'malo mwa ntchito. Khadi yofiira ya fawulo yoyamba ija ikanamusiya akuyenda.

Kumenya, kuponda mwadala mpira kulibe, kugunda ndi mutu, kuluma, kulavulira munthu: zonsezi ndi yofiira, palibe zoyeza masitepe. Wobwezera nayenso amatuluka, ngakhale anayambidwa.

6. Dzanja, chigoli chobedwa ndi ofusayidi

Si mpira uliwonse wogunda mkono umene uli fawulo. Funsani zinthu ziwiri: wachita dala, kapena mkono unali pamalo podzikulitsa thupi mosagwirizana ndi mmene amayendera? Phewa si dzanja. Mkono umayambira pa mzere wa kunsi kwa khwapa. Koma womwetsa chigoli ndi mkono, kapena womwetsa mpira utangomugunda iye mwini pamkono, chigolicho sichiwerengedwa ngakhale anachita mwangozi.

Kutchinga chigoli ndi dzanja mwadala ndi yofiira ndi penate. Chitsanzo tili nacho pakhomo pomwepa: pa 2 July 2010, ku Soccer City komweko, Luis Suárez anabweza ndi manja mpira wa Ghana pa mzere, mphindi yomaliza ya nthawi yowonjezera. Anatulutsidwa, Asamoah Gyan anawombetsa penate pa mtanda, Uruguay nkupambana pa mapenate. Africa yonse inalira, koma refu anachita zonse zimene lamulo limamulola. Mpira wosadutsa mzere simungauwerenge chigoli, ngakhale masapota akuwe chotani.

Wogwetsa munthu amene amapita yekha kukamwetsa, yang'anani zinthu zinayi: mtunda wotsala kufika pagolo, komwe amalowera, ngati mpirawo akanatha kuulamulira, ndi otchinga kumbuyo amene anatsala. Kunja kwa bokosi, zonse zikakwanira, ndi yofiira. M'bokosi, kuyambira 2016, ngati wolakwayo amalimbira mpira moona, ndi penate ndi yachikasu. Ngati wakoka jezi, wakankha kapena wagwira, yofiira ikadalipo. Pa penate, goloboyi akhale ndi phazi limodzi pa mzere, molingana nawo kapena kumbuyo kwake mpira ukamamenyedwa.

Ofusayidi muli nokha ndi mutu wowawa, ndisakunamizeni. Ngati matimu apereka munthu mmodzimmodzi wa mbendera, auzeni kuti ntchito yawo ndi kuonetsa mpira ukatuluka basi. Ofusayidi ndi yanu. Wambendera wa timu amakhala ndi dzanja lopepuka mbali imodzi. Wolingana ndi mdani wachiwiri kuchokera kumzere wa golo, kuwerengera ndi goloboyi yemwe, sali ofusayidi, ndipo palibe ofusayidi pa golokiki, pa kona ndi pa mpira woponya ndi manja. Mukakayika, musayimbe.

Mukazindikira kuti mwalakwitsa mpira usanayambenso, mukhoza kusintha. Ukangoyambanso, zatha. Ndipo musadzayese kubweza ngongole popereka penate yabodza mbali inayo. Osewera amazindikira, ndipo matimu onse awiri amasiya kukukhulupirirani.

7. Kutulutsa khadi, ndi nkhani ya pakamwa

Makhadi anabadwa chifukwa cha kusamvana zilankhulo. Mu 1966 ku Wembley, refu wa ku Germany Rudolf Kreitlein anatulutsa kaputeni wa Argentina Antonio Rattín, yemwe anakana kuchoka kwa mphindi zingapo, awiriwo osamvana chinenero. Ken Aston, Mngelezi amene ankayang'anira marefu, anatengera nzeru pa maloboti a pamsewu, ndipo makhadi anayamba kugwira ntchito pa World Cup ya 1970 ku Mexico. Pa bwalo lathu pamamveka Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chitonga, Chizulu, Chishona ndi Chipwitikizi nthawi imodzi, choncho khadi ndi chinenero chokhacho chimene onse amamva.

Poitulutsa, musathamangitse munthu ndi khadi m'manja. Imani, muitaneni abwere theka la njira, inu mupite theka linalo, pambali pang'ono pa gulu. Funsani dzina, onani nambala, muuzeni mlandu m'mawu ochepa, kwezani khadi m'mwamba, osati pamphuno pake. Lembani nambala, mphindi ndi mlandu musanayambitsenso mpira. Musakhudze wosewera, ndipo musamunyoze. Wamkulu kwa inu mutchuleni mwaulemu: "Madala, mwalowa moipa, iyi ndi yachikasu. Ina ikabwera mukapuma." Ulemu ndi khadi zimayendera limodzi bwinobwino.

Yachikasu imapitanso kwa wochedwetsa mpira, wokana kutalikira pa firikiki, wodzigwetsa, wochita timafawulo tosatha, wolowa kapena kutuluka osapempha, ndi wovula jezi posangalala. Andrés Iniesta anaipatsidwa atangomwetsa chigoli chopambanitsa Spain chija, ndiye wa ku Cosmo City asadabwe.

Pakamwa mpovuta kuposa mapazi. Munthu akaphonya nkudzitukwana yekha, tsekani khutu. Akati "Aaa, a refu, imeneyonso?" nkuchokapo, ndi mpira umenewo. Koma akabwera akuthamanga, manja m'mwamba, kapena akuwomba m'manja monyoza kuti bwalo lonse lione, ndi yachikasu. Akatukwana mayi anu, mayi a mnzake, kapena kunyoza mtundu wa munthu, ndi yofiira, kaya watukwana m'chinenero chanji. Pa za mitundu musanyengerere. Tonse kuno timatchedwa mayina m'mataxi ndi m'misewu; sitingabwere nazo pa bwalo lathu nkumatchulana tokha.

Ngati ligi yanu ivomera, yesani zopumitsa munthu panja kwa kanthawi. IFAB inalola zimenezi pa mpira wa m'madera mu 2017, ndipo pa gemu ya mphindi 90 zimakhala mphindi 10. Wolongolola akakhala panja anzake akuvutika ali khumi, amene amamukhazika chete ndi anzake omwewo, inu osatayanso malovu. Zoti kaputeni yekha ndiye alankhule ndi refu, zimene tinaziona pa Euro 2024, pa sosholo zimathandiza kuposa kwa akatswiri. Gulu likakuzingani, bwererani m'mbuyo masitepe awiri, tambasulani dzanja, nenani kuti "Kaputeni yekha." Woyamba kupitirira dzanjalo alandire yachikasu.

Benchi ikamasokosa ndipo wolakwa sakudziwika, khadi imapita kwa kochi wamkulu. Wotulutsidwa achoke pafupi ndi bwalo ndi pa benchi. Mpira usayambe akadali pa mzere akutukwana.

8. Nthawi yoimitsa

Ndewu ikabuka musalowe pakati. Lizani wezulo mwamphamvu, imani poti muziona onse, muzilemba manambala m'mutu: wayamba ndani, wabwezera ndani, wathamanga kuchokera kutali kudzaponya chibakera ndani. Olanditsa akhale makaputeni. Zikazizira, tulutsani makhadi mmodzimmodzi, kuyambira timu imene inayamba, ndipo wachiwiri adikire woyamba atalikire.

Masapota akalowa m'bwalo, botolo likasweka, mpeni ukaoneka, kapena wina akakukhudzani inu mwaukali, thetsani gemu pomwepo. Osaopseza kawiri. Tonse tikudziwa kuti galimoto ya polisi ikaima pa bwalo la Amalawi mafunso sathera pa ndewu yokha, ndipo amene amavutika ndi anthu oti anangobwera kudzaonera. Kuthetsa msanga kumateteza onse. Koma moyo wa munthu ukakhala pachiswe musazengereze: 112 pafoni ya m'manja, 10111 apolisi. Timu ikatsala ndi osewera osakwana 7, gemu singapitirire.

Wogundidwa mutu nkuoneka wozunguzika atuluke ndipo asabwererenso, ngakhale alumbire kuti ali bwino. Wotuluka magazi akatsuke ndi kumanga kaye. Amene mukuganiza kuti wathyoka, asamukoke mwendo "kuti ubwerere m'malo" monga timachitira kumudzi.

Ndiye mphenzi. Kuyambira October mpaka March mitambo ya kuno imasonkhana masana, nthawi yeniyeni ya mpira wathu. Mu 1998, pa gemu ya Jomo Cosmos ndi Moroka Swallows muno mu Johannesburg, mphenzi inagwetsa osewera angapo nthawi imodzi anthu akuona. Mukaona kung'anima, werengani mpaka kugunda. Masekondi atatu alionse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Akakhala osakwana 30, tulutsani anthu, akalowe m'nyumba kapena m'magalimoto, osati pansi pa mtengo. Dikirani mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Timu imene ikutsogola idzati tithetse, yotsalira idzati tipitirize. Onsewo sakuyang'ana kumwamba.

9. Lipoti ndi komiti

Mpira ukatha musaime pagulu kufotokoza zigamulo, ndipo musakhale pa mowa wa timu yopambana. Tsiku lomwelo, mutu usanaiwale, lembani lipoti lalifupi kwa komiti: zigoli, makhadi, dzina, nambala, mphindi, ndi zimene munaona ndi maso anu. Lembani kuti "nambala 6 anamenya nambala 9 ndi chibakera kumaso, mpira uli kutali, mphindi ya 63." Musalembe kuti "nambala 6 ndi wamwano kuyambira kale." Mawu otukwana alembeni monga mmene ananenedwera, ngakhale akuchititsa manyazi, chifukwa pa komiti mwini wake adzati ankangoseka.

Refu asakhale woweruza pa komiti. Iye ndi mboni. Oweruza akhale atatu a matimu osakhudzidwa, woimbidwa mlandu amvedwe mbali yake, chigamulo chituluke Lamlungu lotsatira lisanafike ndipo chilembedwe pa gulu kuti onse aone. Tividiyo ta pafoni komiti ikhoza kuonera pofuna kudziwa amene anamenya mnzake, koma zotsatira za gemu sizisintha chifukwa cha kavidiyo kojambulidwa kuseri kwa golo. Ndalama za chindapusa zisalowe m'thumba la refu. Kwathu zimapita ku thumba la ovulala, ndipo zikatsala zimathandiza pa chopereka maliro akamapita kumudzi. Anthu amalipira mosanyinyirika kwambiri akadziwa komwe ikupita.

Wezulo ikakukomerani, funsani ku LFA ya dera lanu, nthambi za m'madera za SAFA, bungwe loyendetsa mpira ku South Africa, za maphunziro a marefu. Victor Gomes amene anayimbira fainolo ya AFCON ya Senegal ndi Egypt mu February 2022 ndi wa konkuno, ndipo kwathu Bernadettar Kwimbira anafika ponyamula mbendera pa World Cup ya amayi mu 2015 ndi 2019.

Lamlungu lotsatira, musanaponye khobidi, tulutsani mndandanda wa oletsedwa nkuufananiza ndi mapepala a matimu. Yang'anani nkhope, osati mayina okha. Nambala 6 uja amabwera atameta, atavala jezi nambala 14, papepala atalembedwa dzina la mlamu wake.